Potulira Zakukhosi: Kuchokera Pamtondo Kufikira M'kope

Munthu akaima pamsika wa Nsungwi ku Area 25, mumzinda wa Lilongwe, dzuwa litangotuluka kumene, amaona khwimbi la anthu osenza akatundu. Amayi amatsika m'maminibasi ndi madengu a tomato ndi ndiwo zamasamba, anyamata amakankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala, pamene ena amathamangira ku Kanengo kukafuna maganyu. Akatundu onsewa ndi ooneka ndi maso, ndipo dzuwa likamapendeka amakhala atatulidwa. Koma alipo katundu wina amene anthu omwewa amapita naye kumsika ndi kubwerera nayenso kunyumba osamutula. Katunduyo ndi nkhawa: ngongole ya katapila imene ikukula usiku ndi usana, lendi ya nyumba, chisoni cha maliro amene ena adaiwala kale, ndi manyazi a mnyamata amene adakhoza mayeso koma ntchito sakuipeza.

Masiku ano m'mayiko ambiri muli timagulu ta anthu amene amasonkhana kuti ajambule zithunzi, aumbe dongo, aluke, aimbe kapena alembe, ndi cholinga chakuti mitima yawo ipepuke. Ena amasunga kope lapadera limene amajambulamo ndi kulembamo zimene zikuwasautsa tsiku ndi tsiku. M'chimangirizo chino kope lotere tilitcha kope la zakukhosi. Ndikatchula zimenezi kwa anzanga amene timagomera nawo bawo, ambiri amaseka, amati n'zachibwana kapena n'zachizungu. Ine ndidaphunzitsa ana kwa zaka zambiri ndisanapume pantchito, ndipo ndikuona kuti anzangawa akulakwitsa. Mbiri ikusonyeza kuti kutula zakukhosi kupyolera m'luso ndi mwambo wakalekale wa kwathu kuno. Chachilendo ndi pepala ndi pensulo basi.

Mmene makolo ankapepukitsira mitima

Tiyambe ndi mtondo. Kale mayi sankasinja yekha. Amayi awiri kapena atatu ankazungulira mtondo umodzi, minsi ikusinthana, ndipo kugunda kwa minsiyo kunkasanduka ng'oma. Pamenepo mayi ankapeka nyimbo. Mwamuna akakhala wankhanza kapena waulesi, apongozi akakhala olongolola, mkazi mnzake wa pamitala akakhala wamatama, zonse zinkatuluka m'nyimbo za pamtondo. Woimbayo sankatchula dzina la munthu, koma mudzi wonse unkadziwa amene akunenedwa, ndipo palibe amene akadamuimba mlandu chifukwa nyimbo ndi nyimbo. Anzake akamavomereza, mayiyo ankadziwa kuti wamvedwa. Pofika nthawi yopeta mphale, mtima wake unkakhala utatsikako.

Nyimbo zimenezi zidasunganso mbiri. M'chaka cha 1949 kudagwa njala yoopsa m'chigawo cha kummwera, makamaka m'boma la Blantyre. Patapita zaka zoposa makumi atatu, katswiri wa mbiri yakale, Megan Vaughan, adayendera midzi ya m'bomalo ndipo adapeza kuti amayi adali kukumbukirabe njalayo m'nyimbo zawo za pamtondo. Nyimbozo zinkanena za amuna amene adachoka ponena kuti akukafuna chakudya koma osabwereranso, ndi za mabanja amene adapasuka. M'buku lake lotchedwa The Story of an African Famine, limene lidatuluka m'chaka cha 1987, iye adagwiritsa ntchito nyimbozi ngati umboni. Zimene malipoti a boma la atsamunda sadalembe, amayi osadziwa kulemba adazisunga ndi pakamwa. Mtondo udali kope lawo.

Kujambula nakonso sikudabwere ndi sitima. M'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, muli malo 127 amene ali ndi zithunzi zojambulidwa pamiyala ndi m'mapanga, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zithunzi zofiira ndi zakale kwambiri, ndipo akatswiri amati adajambula ndi Akafula. Zoyera adajambula ndi makolo a Achewa pogwiritsa ntchito dothi loyera. Zina mwa zoyerazi zikusonyeza zilombo za Gule Wamkulu, pamene zina zinkagwira ntchito pachinamwali cha atsikana. Taganizani za mtsikana amene wangotha msinkhu, thupi lake likusintha, mantha atamugwira. Anamkungwi sankangomulangiza ndi mawu okha. Ankagwiritsa ntchito zithunzi, zoumba, nyimbo ndi magule kuti zinthu zovuta kuzitchula zilowe mumtima mwake mosamuopsa.

Kumpoto, pakati pa Atumbuka, kuli gule wa vimbuza, amene UNESCO idamulemekeza m'chaka cha 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu. Vimbuza ndi gule wochiza. Wodwala, amene kawirikawiri amakhala wovutika mumtima ndi m'maganizo, amalowa m'bwalo navina, amuna akuimba ng'oma, amayi ndi ana atamuzungulira akuimba ndi kuomba m'manja. Munthu angathe kutsutsa zimene eni gule amakhulupirira zokhudza mizimu, koma sangatsutse mfundo iyi: wodwalayo sasiyidwa yekha, ndipo mudzi umachezera usiku wonse chifukwa cha iye.

Tikayang'anitsitsa miyambo itatuyi, tipeza kuti ili ndi mfundo zofanana. Yoyamba ndi yakuti chisoni chimapatsidwa thupi: chimasanduka nyimbo, chithunzi kapena gule, chinthu chimene munthu angachione kapena kuchimva kunja kwa mtima wake. Yachiwiri ndi yakuti zimachitikira pagulu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Yachitatu ndi kuphiphiritsa: munthu amaulula popanda kudzivula pamaso pa anthu. Mfundo zitatuzi tizikumbukire, chifukwa tikumana nazonso kutsogoloku.

Nthawi ya atsamunda ndi zimene zinkachitika kunja

Boma la atsamunda lidabwera ndi njira ina yosamalira odwala maganizo, ndiyo kuwachotsa pakati pa anthu. M'chaka cha 1910 lidapatula mbali ina ya ndende yaikulu ya ku Zomba kuti muzisungidwa anthu amene linkawatcha amisala, ndipo owayang'anira adali asilikali a ndende. Chipatala chenicheni cha odwala maganizo cha ku Zomba chidatsegulidwa m'chaka cha 1953. Sitingakane kuti chipatalachi chathandiza anthu ambiri, pakuti alipo matenda amene ng'oma singawathe. Komabe chiyambi chake cha m'ndende chidasiya chipsera m'maganizo a Amalawi. Mpaka lero mawu akuti “apite ku Zomba” amanenedwa monyoza, ndipo anthu ambiri amabisa mavuto awo poopa kutchedwa amisala. Pakati pa munthu wabwinobwino ndi wodwala kwambiri padatsala chigwa chachikulu, mmene muli anthu miyandamiyanda ongolemedwa mtima, amene alibe kolowera.

Chodabwitsa n'chakuti pa nthawi yomweyo anthu ena a kunja adayamba kutulukira zimene agogo athu ankazidziwa kale. Mngerezi wina wojambula zithunzi, Adrian Hill, adadwala chifuwa chachikulu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 nagonekedwa nthawi yaitali m'chipatala. Pofuna kuthawa maganizo, adayamba kujambula zinthu zimene ankaziona ali pabedi, ndipo adaona kuti mtima wake ukulimba. Kenaka adayamba kuphunzitsa odwala anzake. M'chaka cha 1942 adapereka dzina la Chingerezi lakuti art therapy ku ntchitoyi, kutanthauza kuchiza pogwiritsa ntchito luso, ndipo m'chaka cha 1945 adalemba buku lotchedwa Art Versus Illness.

Ku Brazil, dokotala wamkazi dzina lake Nise da Silveira adakana njira zankhanza zimene zinkagwiritsidwa ntchito pa odwala maganizo masiku amenewo. M'chaka cha 1946 adatsegula chipinda chojambuliramo ndi kuumbiramo pachipatala china mumzinda wa Rio de Janeiro. Odwala amene adakhala zaka zambiri osalankhula adayamba kufotokoza za mumtima mwawo ndi utoto, ndipo zithunzizo zidachuluka kotero kuti m'chaka cha 1952 adazitsegulira nyumba yozisungiramo. Ku Mexico nako, mayi wojambula wotchuka, Frida Kahlo, amene adavulala koopsa pangozi ya basi m'chaka cha 1925 nakhala ndi ululu moyo wake wonse, adasunga kope la zithunzi ndi mawu pa zaka khumi zomaliza za moyo wake, mpaka pamene adamwalira m'chaka cha 1954. Kope lakelo ndi chimodzi mwa zitsanzo zodziwika kwambiri za kope la zakukhosi.

Ofufuza nawo adafuna kuyesa ngati kulemba kumathandizadi. M'chaka cha 1986, James Pennebaker ndi mnzake Sandra Beall, a ku America, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo. Adapempha ophunzira a payunivesite kuti alembe kwa mphindi 15 tsiku lililonse, masiku anayi otsatizana. Ena adalemba za zowawa zimene adakumana nazo m'moyo ndi mmene zidawakhudzira, ena adalemba za zinthu wamba. M'miyezi yotsatira, amene adalemba zowawa zija sadapite kuchipatala kawirikawiri monga anzawo. Kafukufuku wa pambuyo pake adasonyeza kuti phindu lake si lalikulu kwa munthu aliyense, koma lilipo ndithu.

Mzinda wopanda mtondo

Tsopano tibwerere kwathu. Lilongwe idasanduka likulu la dziko lino m'chaka cha 1975, kulowa m'malo mwa Zomba. Pakalembera wa m'chaka cha 1966 tauniyi idali ndi anthu osakwana 20,000, koma pakalembera wa m'chaka cha 2018 anthu adakwana 989,318. Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona adadzaza ndi anthu ochokera m'maboma onse, olankhula zinenero zosiyanasiyana. Munthu adapeza kuti woyandikana naye nyumba si mbale wake, ndipo mwina mwezi wamawa asamuka.

M'kusamukaku tidapindula zambiri, koma tidatayanso kanthu osazindikira. Chigayo chidalowa m'malo mwa mtondo. Mayi adapumula kuntchito yowawa, ndipo palibe amene angafune kuti abwererenso kumunsi. Koma pachigayo pali phokoso la injini ndi mzere wa anthu osadziwana, choncho nyimbo ija idasowa pokhala. Bwalo limene ana ankasewerapo mwezi ukawala lidasanduka puloti. Nthano za madzulo zidagonja kwa wailesi, kenaka kwa kanema ndi lamya za m'manja. Ankhoswe ndi atsibweni, amene munthu ankawadandaulira, adatsala kumudzi. Zoona, anthu a m'tauni adapanga zina zolowa m'malo: makwaya, magulu a amayi a m'mipingo monga Chigwirizano, makomiti a maliro, ndipo pambuyo pake mabanki a m'mudzi. Koma amuna ndi achinyamata ambiri adatsala kunja, ndipo chiphunzitso chakuti mwamuna salira chidawatseka pakamwa. Ena mwa iwo potulira pawo padasanduka pamowa.

Padalinso chifukwa china chimene anthu ankakhalira chete. Pa nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, kulankhula zakukhosi kudali koopsa. Apa luso la kuphiphiritsa lidagwiranso ntchito. M'chaka cha 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College adayambitsa gulu la alembi limene linkakumana kawirikawiri kuti liwerengerane ndi kukambirana ndakatulo ndi nkhani zimene mamembala adalemba. Monga amayi a pamtondo, iwo ankabisa tanthauzo m'mafanizo a nyama ndi nthano zakale. Mmodzi mwa iwo, Jack Mapanje, adamangidwa m'mwezi wa Sepitembala 1987 natsekeredwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka m'chaka cha 1991. Kumeneko pepala ndi cholembera zidali zoletsedwa, choncho ndakatulo zambiri ankazipeka ndi kuzisunga m'mutu. Atatuluka adazisindikiza m'buku lotchedwa The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison m'chaka cha 1993. Munthu amene adalandidwa zonse adatsala ndi ntchito imodzi yosunga nayo nzeru zake, ndiyo kuumba mawu.

Zaka za maliro

Munthu woyamba kupezeka ndi matenda a Edzi m'dziko muno adadziwika m'chaka cha 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma m'chaka cha 2004. Amene tidakhala ndi moyo pakati pa zaka ziwirizi sitidzaiwala. Maliro ankachitika sabata ndi sabata, ndipo matendawo sankatchulidwa dzina. Ana ankangouzidwa kuti amayi adwala nthawi yaitali, kenaka n'kutengedwa kupita kwa achibale, osapatsidwa mpata wofunsa kapena wolira mokwanira.

Apa ndiulule kulakwa kwanga. M'zaka zimenezo m'kalasi langa la Sitandade 6 mudali mtsikana wina amene adali wochangamuka, koma mayi ake atamwalira adangoti zii. Tsiku lina ndidauza ana kuti ajambule nyumba ya kwawo. Poyendera makope ndidapeza kuti mtsikanayo wajambula nyumba ndi anthu anayi pakhonde, koma mmodzi wa iwo adamufufuta ndi chala chonyowa mpaka pepala lidabooka. Ine, poona kope loonongeka m'masiku amene makope adali osowa, ndidamukalipira pamaso pa anzake. Iye sadayankhe. Usiku ndili chigonere ndi pamene ndidazindikira kuti chiboo chija chidali mayi ake, ndi kuti mwanayo adandiuza zonse zimene zidali mumtima mwake koma ine sindidamve. Mmawa mwake ndidamupepesa, ndipo ndidamupatsa kope lina limene ndidalonjeza kuti sindidzalichonga. Padapita milungu ingapo asanandionetse tsamba ngakhale limodzi, koma tsiku limene adandionetsa ndi limenenso adayamba kusimba za mayi ake. Kukoleji ya aphunzitsi tidaphunzira kuchonga chithunzi, koma mwana ameneyu ndiye adandiphunzitsa kuchimvera.

Zimene ndidazipeza mwangozi, anthu ena adazikonza mwadongosolo. Ku Uganda, m'zaka za m'ma 1990, bungwe la amayi okhala ndi kachilombo ka HIV lotchedwa NACWOLA lidayamba kuphunzitsa amayi kulemba mabuku a chikumbutso. Mayi ankakhala pansi ndi ana ake, nalemba mbiri ya banja, mayina a makolo, malangizo ndi zimene ankawafunira, namatamo zithunzi. Bukulo linkathandiza mayi kuulula za matenda ake ndi kukonzekeretsa ana, ndipo njirayi idafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa. Ku Khayelitsha, mumzinda wa Cape Town ku South Africa, m'chaka cha 2002 gulu la amayi lotchedwa Bambanani lidachita chinthu china. Mayi ankagona papepala lalikulu, mnzake n'kulemba mzere kuzungulira thupi lake. Kenaka mwini thupi ankajambula m'katimo zipsera zake, kachilombo monga ankakaganizira, mankhwala amene ankamwa ndi zimene ankayembekeza. Thupi limene linkawachititsa manyazi lidasanduka chithunzi chimene ankachionetsa monyadira. Kodi izi zikusiyana bwanji ndi ntchito ya anamkungwi a ku Chongoni, amene ankaphunzitsa za thupi kupyolera m'zithunzi?

Zitsanzo za masiku athu ano

Ndende ya ku Zomba ija, imene kale inkasunga odwala maganizo, idadabwitsa dziko lapansi. M'chaka cha 2013 Ian Brennan ndi Marilena Delli adajambula nyimbo za akaidi aamuna ndi aakazi a m'ndendeyo, zambiri mwa izo zopeka okha, zonena za kulapa, kusungulumwa ndi kulakalaka ana awo. Chimbale chake, chotchedwa I Have No Everything Here, chidatuluka m'chaka cha 2015 ndipo chidasankhidwa kupikisana nawo pa mphotho za Grammy za m'chaka cha 2016. Aka kadali koyamba kuti nyimbo za ku Malawi zifike pamenepo.

Chitsanzo china chili pafupi ndi ife a ku Nsungwi. Munthu akatsata msewu wa kumpoto kupyola Lumbadzi nakhotera ku Dowa, amafika ku Dzaleka. Malowa adali ndende ya andale pa nthawi ya chipani chimodzi, ndipo m'chaka cha 1994 adasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo. Kumeneko kudafika anthu ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi mayiko ena, ambiri a iwo ataona zoopsa zosasimbika. M'chaka cha 2014 mlakatuli wina wochokera ku Congo, wodziwika ndi dzina lakuti Menes La Plume, adayambitsa chikondwerero cha zaluso chotchedwa Tumaini, mawu a Chiswahili otanthauza chiyembekezo. Oimba, alakatuli, ovina ndi ojambula a mumsasamo adapeza bwalo loonetserapo luso lawo pamodzi ndi Amalawi, ndipo anthu zikwizikwi adayamba kupita kumalo kumene kale ankangokudutsa. Mumzinda wathu womwe uno, ku Area 23, bungwe la Music Crossroads laphunzitsa achinyamata ambiri kuimba ndi kupeka nyimbo.

Anansi athu a ku Zimbabwe adaonjezapo nzeru ina. Cha m'ma 2006, dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, poona kuchepa kwa madokotala, adayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare, mumzinda wa Harare, kumvetsera ndi kulangiza anthu ovutika ndi nthenda imene Ashona amaitcha kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira muyeso. Agogowo amakhala pabenchi panja pa chipatala, ndipo ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench. Amene athandizidwa amalowa m'timagulu mmene amaluka zikwama kuchokera ku mapepala apulasitiki otayidwa, uku akukambirana za moyo wawo. Kafukufuku amene adafalitsidwa m'chaka cha 2016 adasonyeza kuti anthu othandizidwa pabenchipo adapeza bwino kuposa amene adalandira chithandizo cha nthawi zonse. Manja ali pantchito, pakamwa pakumasuka, anzako akumvetsera: umenewu ndi mtondo uja wabweranso m'maonekedwe ena. M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa lipoti limene lidaunika kafukufuku woposa 3,000, ndipo lidatsimikiza kuti zaluso zili ndi gawo poteteza ndi posamalira thanzi la thupi ndi la maganizo.

Zimene mbiriyi ikutiphunzitsa

Wophunzira amene wawerenga kufika pano angafunse kuti achitepo chiyani. Yankho ndi losavuta. Kope la zakukhosi silifuna ndalama zambiri. Kope wamba ndi pensulo n'zokwanira. Utoto ukasowa, khala la pambaula limapereka mtundu wakuda, dothi la katondo limapereka wofiira, ndipo masamba ofinya amapereka wobiriwira. Zidutswa za chitenje zotsala kwa telala zingamatidwe ndi phala la ufa wa chinangwa. Munthu angajambule mmene tsiku lake lidayendera, angalembe kalata yopita kwa malemu imene sidzatumizidwa, kapena angajambule nkhawa yake ngati chilombo naipatsa dzina. Sipafunika luso lapadera, monganso mayi wa pamtondo sankadikira kuti akhale katswiri wa nyimbo.

Anthu akafuna kuchitira pamodzi, m'kalasi masana, pakhonde la tchalitchi kapena la mzikiti, ngakhale pansi pa mtengo, ayenera kusunga malamulo amene makolo ankasunga. Chithunzi cha mnzako sichisekedwa ndipo sichichongedwa. Mwini wake yekha ndiye amamasulira tanthauzo lake, ndipo akafuna kukhala chete asakakamizidwe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Zomvedwa pagulupo zimatsala pomwepo, monga za kutsimba sizinkaululidwa pabwalo. Ndi bwinonso kuti pakhale munthu wamkulu wodalirika, chifukwa nthawi zina chithunzi chimatsegula bala limene ana okhaokha sangathe kulimanga.

Tisanamizane kuti luso ndi mankhwala a nthenda iliyonse. Kope silibweza ngongole, silipezetsa ntchito, ndipo silingalowe m'malo mwa dokotala. Munthu akamakhala masiku ambiri osagona kapena osadya, akamamva mawu amene ena sakuwamva, kapena akayamba kuganiza zodzipha, afunika kupita naye kuchipatala msanga. Angayambire pachipatala chaching'ono cha m'dera lake, ndipo a kumeneko adzamutumiza koyenera. Kupatula chipatala cha ku Zomba, a bungwe la St John of God, amene adayamba ntchito yawo ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, adatsegulanso malo othandizirapo odwala maganizo mu Lilongwe muno. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma nthenda ya maganizo nthawi zina imamulanda munthu mphamvu zofikira pachitsekopo. Apa mpamene gulu limaonetsa phindu lake lalikulu: anthu amene amakumana sabata ndi sabata amazindikira msanga mnzawo akasintha, ndipo amamugwira dzanja kupita naye kumene angathandizidwe.

Mbadwo uliwonse wa Amalawi udakumana ndi zowawa zake: njala ya 1949, ndende za popanda mlandu, mliri wa Edzi, ndipo posachedwapa namondwe wa Freddy amene adapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera m'mwezi wa Malichi 2023. Mbadwo uliwonse udapezanso potulira, kaya pamtondo, pathanthwe, m'bwalo la ng'oma kapena m'ndakatulo yosungidwa m'mutu. Inu ophunzira a lero mwabadwira m'mizinda mmene mitondo idatha, ndipo udindo wopeza potulira patsopano uli m'manja mwanu. Mnzanu akakuonetsani tsamba lobooka, musathamangire kumudzudzula monga ndidachitira ine. Khalani naye pansi, mumufunse kuti pamene pabookapo padali yani.